Alovera wa ku Mzuzu safa ndi ludzu

Mzere umene unazuka wokha

Kutsogolo kwa ofesi ina ku Katoto mu Mzuzu kunali kapinga wobiriwira chaka chonse, ndipo kubiriwirako kunkachokera pampopi. Bilu ya madzi itakula, eni malowo anagalauza kapingayo n'kugula zomera zopirira chilala: alovera, khonje wamaluwa wa mizere yachikasu uja, ndi timitengo ta rozimere. Nzeruyo sinali yolakwika. Ndi mmene imachitira mizinda youma monga Windhoek ku Namibia, kumene mvula ya chaka chonse kawirikawiri sifika mamilimita 400, ndipo chomera cha alowe, cha m'banja limodzi ndi alovera, chili ngakhale pa chizindikiro cha mzindawo.

Anadzala mu Novembala. Maenje anali akuya, manyowa a ng'ombe ochuluka, ndipo phando lililonse linali ndi kabeseni kokolola madzi monga timachitira podzala mango. Pa Khirisimasi aliyense wodutsa ankayamikira.

Chakumapeto kwa Epulo masamba a alovera anayamba kugona pansi, ofewa, achikasu kumunsi. Bambo wosamalira maluwa pamalopo anagwira tsamba lapakati la chomera chimodzi n'kukoka pang'ono chabe. Chonse chinabwera m'manja mwake. Mizu panalibe. Tsinde linali lakuda, lonyenyeka ndi chala, likununkha kuvunda. Mayi wina wa mu ofesimo anatuluka nafunsa, "Adada, kodi mwasiya kuthirira?" Bamboyo sanayankhe msanga. Anapisa dzanja m'dzenje lija mpaka m'chigongono, natulutsa matope akuchucha madzi. "Amama, awa sanafe ndi ludzu ayi. Tinawadzala m'chitsime." Anayenda mzere wonse akuzula. Opulumuka anali okhawo a pansi pa denga la khonde, amene mvula sinkawapeza, omwe aliyense ankati ndiwo adzayambe kuuma.

Nkhani ya maluwa osafuna madzi ambiri kuno iyenera kuyambira padzenje limenelo. Za mankhwala ndi za ndalama zimabwera chomera chikakhala moyo.

Miyezi itatu ya fumbi, isanu ya matope

Mzuzu si malo ouma. Tili pamtunda wa mamita opitirira 1,200, mvula ya chaka chonse imapitirira mamilimita 1,200, ndipo mu Malichi ndi Epulo, pamene kwina ayamba kuganiza zokolola, kuno ndiye ikugwa mwamphamvu. Kenako mvumbi, chifunga, ndi chisanu cha Juni ndi Julayi pamene usiku kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10. Koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba kumagwa madontho owerengeka, ndipo malo a m'tauni amauma kuposa munda: kachilumba ka pakati pa msewu, raundabauti, bedi lopanikizika pakati pa mpanda wa njerwa ndi simenti, mphika wa pakhonde. Dothi lake ndi lochepa, lotsenderezeka, lodzaza zidutswa zotsala pomanga, ndipo phula ndi khoma zimalibwezera kutentha masana onse.

Chomera cha pamalo otere chiyenera kupirira zonse ziwiri, matope ndi chilala. Mavidiyo a pa YouTube ochokera kumayiko ouma amaphunzitsa kukolola dontho lililonse, ndipo amanena zoona za kwawoko. Kuno malangizo omwewo amapha.

Nanga bwanji osangosunga kapinga? Masamu ake ndi awa. Kuti kapinga akhale wobiriwira m'chilimwe amafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pa sabata. Milimita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Bwalo la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi likumwa malita 2,500 pa sabata, ndiye ndowa 125 za malita 20. Pa masabata 13 ndi malita 32,500, madzi oyeretsedwa ochokera kudamu la Lunyangwa, omwewo amene a ku Zolozolo ndi Mchengautuwa amadikira pampopi, ndipo chimene mwakolola ndi udzu woti mulipirenso munthu wotchetcha.

Mthumbira, osati dzenje

Alovera ndi khonje ali ndi kapumidwe kawo. Timabowo ta pamasamba timatseka masana n'kutseguka usiku, choncho sataya madzi ambiri. Zotsatira zake, sakokanso madzi ambiri m'dothi. Chimanga chimaumitsa pamene chaima, alovera sangathe. Mukamuika m'dzenje lokumbidwa m'katondo, lodzaza manyowa ofewa, madzi onse a pabwalo amatsikira momwemo n'kukhazikika, mpweya umatha, mizu imafa, ndipo tizilombo tovunditsa timalowera pakhosi pa chomera.

Yesani malo musanagule mbande. Kumbani dzenje la masentimita 30, dzazani madzi, akaphwa dzazaninso. Mukawapeza akadalimo mawa lake, pamenepo simudzalapo chopirira chilala chilichonse pansi. Kuika miyala kunsi kwa dzenje sikuthandiza, chifukwa madziwo alibe kotulukira.

Mmalo mwake ungani mthumbira wa masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa nthaka. Msakanizo wake: mawilibala awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, imodzi ya dothi lapamwamba, imodzi ya manyowa owola bwino. Mchenga wosalala wa kudambo ayi, umauma gwa. Khosi la chomera, pamene masamba akumana ndi mizu, likhale pamwamba penipeni pa dothi, losakwiririka. Phimbirani ndi timiyala kapena zidutswa za njerwa yootcha. Udzu wophimbira umasunga chinyezi pakhosi pomwepo ndipo umaitana chiswe. Alovera atalikirane masentimita 60.

Mbewu yake ndi ana ophukira m'mbali. Sankhani a masentimita 15 mpaka 20, duleni ndi mpeni woyera pamodzi ndi timizu tawo, asiyeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume, kenako dzalani. Sabata yoyamba musathirire. Nthawi yabwino kuno ndi Ogasiti kapena Sepitembala, kuti mizu igwire kukutentha, kuthirira pang'ono kamodzi pa sabata, mvula isanafike. Wa mumphika kapena m'tayala lakale akhale ndi mabowo okwanira kunsi, ndipo mphikawo ukwezeni pa njerwa.

Amene wayamba kale kuvunda mungamupulumutse ngati mtima wake ukadali wolimba. Zulani, dulani chakuda chonse mpaka mwafika poyera, muumitseni pamthunzi sabata yathunthu, mudzalenso mumchenga. Tsamba lapakati likangosololoka mukakoka, tayani.

M'tsamba limodzi muli zinthu ziwiri

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzivulazira, ndiye tipite pang'onopang'ono. M'kati mwa tsamba la alovera muli mnofu woyera, woterera, wosawawa kwenikweni, umene pafupifupi wonse ndi madzi. Pakati pa mnofuwo ndi khungu lobiriwira pamayenda utomoni wachikasu, wowawa kwambiri, umene uli ndi mankhwala otchedwa aloin. Chopaka pakhungu ndi mnofu. Utomoni ndi mankhwala amphamvu otsegula m'mimba.

Dulani tsamba lakunja, lokhuthala, pa chomera cha zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo musachotse masamba opitirira atatu nthawi imodzi. Liimikeni m'kapu kodulidwako kuli pansi kwa mphindi 15, chachikasu chija chikhe. Tsukani, chotsani minga ya m'mbali, sendani khungu la mbali imodzi, palani mnofu ndi supuni yoyera, muutsukenso. Umawonongeka msanga. Panja ugwire ntchito tsiku lomwelo, mufiriji usapitirire sabata. Pakani pang'ono m'kati mwa mkono kaye, chifukwa ena amatupa nawo ndi kuyabwa.

Ntchito yake yeniyeni ndi kupsa kwapamwamba: phala logwera padzanja, kukhudza mbaula, khungu lofiira lopanda matuza aakulu. Ngakhale pamenepo alovera sayambirira. Choyamba ndi madzi ozizira oyenda, kwa mphindi 20, chifukwa khungu limapitiriza kupsa m'kati moto utachoka kale. Mukazizitsa ndiye mupake. Kupsa kwakuya, kooneka koyera kapena kwakuda, kokula kuposa chikhatho cha wopsayo, kwa pankhope, kumaliseche kapena pamfundo, ndi kupsa kulikonse kwa khanda, n'kwa kuchipatala, osapaka kalikonse. Pabala lakuya lotseguka alovera asafikepo. Kafukufuku wina wa mabala a opaleshoni anapeza kuti anachedwetsa kupola.

Ndiye pali kumwa kuja kotchedwa kuchapa m'mimba, kumene munthu amaduladula tsamba lonse n'kuliviika m'botolo. Chimene chikugwira ntchito mmenemo ndi aloin. Amapotokola matumbo, munthu amataya madzi ndi mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira, ndipo kumwa kawirikawiri kumavutitsa impso. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachotsa alowe pa mndandanda wa mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa popanda chikalata cha dokotala mu 2002. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana, wodwala impso, ndi aliyense womwa mankhwala a mtima, a shuga kapena okodzetsa, asayerekeze. Kuwawa sikutanthauza kuti chikuchiritsa.

Nkhuku nazo timazimwetsa alovera tikamva kuti chitopa chalowa m'dera. Chitopa ndi kachilombo ka vayirasi, ndipo chimene chimateteza ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse, matenda asanabwere. Zimene zapulumuka zitamwa alovera zikanapulumukabe.

Chinanso, si alowe aliyense amene ali alovera. M'Malawi muno tili ndi mitundu yathu yambiri, ndipo umodzi, Aloe mzimbana, unatenga dzina ku Mzimba konkuno. Ndi okongola, amachita maluwa ofiira m'nyengo yozizira pamene njuchi zikusowa kopita, ndipo m'munda wa maluwa ndi oyenera kuposa obwera. Koma ena mwa alowe akutchire ali ndi poizoni, ndipo kuwasiyanitsa ndi maso n'kovuta. Akhale okongoletsa basi, ochulukitsidwa ku nazale. Kukazula kumalo otetezedwa a Kaning'ina kapena Nyika ndi mlandu, ndipo pa malonda a kunja mitundu yonse ya alowe kupatula alovera ili pansi pa CITES, pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama zakutchire. Wofuna kudziwa mtundu umene ali nawo afunse a National Herbarium and Botanic Gardens, amene ali ndi munda wawo ku Mzuzu kuno.

Ndalama ili m'chubu

Ambiri akamva za phindu la maluwa amaganiza zopanga mafuta odzola kapena mankhwala. Ndalama yofulumira ndi yodalirika ili pa mbande. Ogula ndi omanga nyumba m'malo atsopano, malodji, masukulu, mipingo, ndi okongoletsa paukwati amene amabwereka miphika kwa tsiku limodzi n'kubweza, duwa lomwelo n'kudzabwerekedwanso Loweruka lotsatira.

Ogulawa amabwera mvula ikayamba, mu Disembala. Woyamba nazale mu Disembala womwewo wachedwa. Zodula, kutanthauza nthambi zodulidwa kuti zimere mizu, zilowe m'machubu mu Ogasiti ndi Sepitembala. Za Juni ndi Julayi zimangokhala, kuzizira sikuzilola kutulutsa mizu, mapeto ake zimavunda.

Chubu cha masentimita 10 m'mimba mwake ndi 15 kutalika chimalowa dothi lopitirira pang'ono lita imodzi, choncho wilibala imodzi imadzaza pafupifupi 50. Pa malo a mita imodzi mbali zonse pamakwana machubu 100. Mbande 1,000 zimakwana pa mabedi awiri a mita imodzi m'lifupi ndi mamita asanu m'litali, ndipo pansi pa shedi ya udzu zimamwa pafupifupi ndowa zisanu patsiku. Ndi malita 700 pa sabata, osafika ngakhale limodzi mwa magawo atatu a madzi a kapinga uja. Dothi la zitsamba: magawo awiri dothi lapamwamba, limodzi mchenga, limodzi manyowa. Mapaketi a shuga ndi a Chibuku amagwira ntchito bwinobwino bola mwaboola kunsi.

Cholakwika chofala ndi kusiya machubu pamalo amodzi. Mizu imatulukira kunsi n'kulowa m'nthaka, mbande imaoneka yonenepa, koma tsiku logulitsa mukanyamula mizu imaduka ndipo kwa wogula imakafota. Yalani pulasitiki pansi, kapena sunthani machubu masabata awiri aliwonse. Poika mtengo muwerengere zakufa. Tiyerekeze mwabaya zodula 100 ndipo zagwira 60: chubu, mchenga ndi madzi a zonse 100 zikhale pamsana pa 60 zimenezo.

Duranta wachikasu wa mpanda uja ndiye amayenda mwaunyinji, chifukwa amadzalidwa motalikirana masentimita 30, ndiye mpanda wa mamita 30 ukufuna mbande 100 kwa wogula mmodzi. Amagwira mosavuta. Muuzeni wogula azimeta pafupipafupi, popeza akasiyidwa amabereka timipira talalanje timene tili ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Bogenivila ndi wovutirapo, n'chifukwa chake mtengo wake uli pamwamba. Dulani nthambi yokhwima, kukula ngati pensulo, masentimita 15 mpaka 20, ya mfundo zitatu kapena zinayi. Chotsani masamba onse kusiya awiri apamwamba, bayani theka lake m'dothi la mchenga wambiri, vundikirani ndi botolo la pulasitiki lodulidwa kunsi, pamthunzi. Mizu imatenga masabata 6 mpaka 10, ndipo ndi yosachedwa kuthyoka. Musakoke kuti muone ngati wagwira, ndipo podzala chekani chubu ndi lezala dothi lisasweke. Akakhazikika safunanso mpopi. Eni nyumba ambiri amadandaula kuti wawo ndi masamba okhaokha, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: amamuthirira tsiku ndi tsiku n'kumuthira Urea. Bogenivila amachita maluwa akamva ludzu padzuwa. Ndi minga yake, mpanda wake mbuzi kapena munthu salowapo.

Zitatu zolowa m'khitchini

Rozimere amakonda kuzizira kwathu kuno koma amadana ndi madzi okhazikika ngati alovera, ndiye naye pamthumbira. Dothi la Mzuzu ndi la asidi, ndipo rozimere amakondwa mukasakaniza dzanja limodzi la phulusa pa phando. Zodula zake ndi nsonga za masentimita 10 mpaka 15, kupulula masamba a theka lakumunsi, ndipo mizu imabwera m'masabata 4 mpaka 6. Pokolola dulani nsonga zanthete, osapitirira limodzi mwa magawo atatu a chitsamba. Mukadula mpaka pamtengo wouma saphukanso. Msika wake ndi ophika m'malodji ndi m'malesitilanti, ndipo amafuna wamuwisi, pang'onopang'ono, sabata iliyonse. Zitsamba khumi zosamalidwa bwino zimakwanira makasitomala angapo. Kudzala ekala n'kungotaya.

Lemonigirasi si wa m'chipululu, koma tsinde lokhwima lophimbiridwa bwino limadutsa Okutobala ndi madzi otsukira mbale okha. Ameneyu ndiye mumuike kumunsi, kumene madzi a padenga amathera. Gawani tsinde, dulani masamba kusiya masentimita 15, dzalani motalikirana masentimita 60 mpaka mita imodzi. Kukolola koyamba pakatha miyezi inayi, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. M'nyengo ya chifunga masamba amachita timadontho tofiirira ta dzimbiri. Metani onse, muotche, atsopano atuluka oyera. Amagulitsidwa wouma, wa tiyi. Zotcheza mafuta ake musazithamangire: makilogalamu 100 a masamba aawisi amatulutsa mafuta osapitirira theka la lita. Komanso kumudzala pawindo sikuthamangitsa udzudzu. Fungo limatuluka tsamba likatikitidwa, ndipo neti ikufunikabe.

Chidede, ndi tsinde lake lofiira ndi maluwa oyererako, amakongoletsa bedi mofanana ndi duwa lililonse logula. Amachita maluwa masiku akayamba kufupika, choncho kukolola kumagwera pa nthawi ya mvumbi, ndipo vuto lake lili pomwepo. Zikhokho zofiira zija zimachita chuku msanga. Chotsani kabulunga ka njere tsiku lomwe mwathyola, yalani mosasanjikiza pathandala lokwera, pansi pa denga lodutsa mphepo. Makilogalamu pafupifupi 10 aawisi amatsala imodzi akauma. Kafukufuku angapo anaonetsa kuti tiyi wa chidede amatsitsa kuthamanga kwa magazi pang'ono. Ndi pang'ono ndithu, sangalowe m'malo mwa mapiritsi, ndipo amene ali kale pa mankhwala a bipi auze adokotala asanayambe kumwa tsiku ndi tsiku.

Nimu ndi chamwamba tingodutsapo. Ndi mitengo ya kotentha, ku Karonga ndi m'mbali mwa nyanja imakula yokha, koma pa Mzuzu imakwinimbira ndi chisanu. Ndipo malungo samayesera masamba. Ngakhale tiyi wa Artemisia, chomera chimene mankhwala a LA anachokerako, bungwe la WHO silimuvomereza, chifukwa mlingo wake m'kapu sudziwika ndipo wochepa umangozoloweretsa tizilombo.

Kaduwa ka m'ming'alu ya simenti

Pali kaduwa kena kamene mwina kali pakhomo panu osadzala: masamba obiriwira onyezimira, duwa la timapiko tisanu, lapinki kapena loyera, kamamera ngakhale m'mng'alu wa khonde ndipo Okutobala sikamuopa. Ndi Catharanthus roseus, kwawo ku Madagascar. M'ma 1950 asayansi a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, ankakafufuza chifukwa anamva kuti ku Jamaica anthu amamwa masamba ake pa matenda a shuga. Za shuga sanapeze chogwirika. Anaona kuti kakupha maselo oyera a m'magazi a nyama zoyeserera, ndipo kuchokera pamenepo kunatuluka vinblastine, kenako vincristine, mankhwala a khansa. Vincristine ndi mmodzi mwa mankhwala amene zipatala zathu zimapereka kwa ana odwala khansa ya Burkitt, yotupitsa nsagwada ndi mimba ija.

Nkhaniyi imakoma, ndipo ogulitsa zitsamba amaikonda. Koma taonani chimene ikunena. Mankhwalawo ali m'tsamba mochepa kwambiri, kotero pamafunika masamba ouma makilogalamu mazanamazana kuti papezeke galamu imodzi. Amaperekedwa kudzera mumtsempha, pa mlingo wowerengedwa molingana ndi thupi la mwanayo. Wowiritsa masamba ake kunyumba sakulandira mankhwala a khansa, akumwa msakanizo wa zinthu zambirimbiri zimene zina zimawononga mitsempha. Monga duwa la pamalo ouma, kameneka n'kabwino zedi, ndipo m'machubu kamagulika.

Oliyanda, chitsamba cha masamba aatali osongoka ndi maluwa apinki chimene chimakonda kudzalidwa m'misewu, ndi mnzake wa maluwa achikasu ngati belu, ndi oopsa kuposa pamenepo. Mbali iliyonse ili ndi poizoni wosokoneza kugunda kwa mtima, ndipo njere zochepa za wachikasuyo zikhoza kupha munthu. Pasukulu ya ana kapena pafupi ndi khola asapezeke. Nthambi zake musasonkhezere moto kapena kubayira nyama yootcha. Mwana akatafuna, thamangani naye kuchipatala mutanyamula nthambi yake, musadikire kuti ayambe kusanza.

Nkhadze timaidziwa, mpanda wa makolo wosafuna dontho la madzi. Utomoni wake ukalowa m'diso umatentha ndipo ukhoza kuchititsa khungu kwa masiku. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, oyenda, kwa mphindi 20 diso lili chitsegulire, kenako kuchipatala. Mkaka kapena mkodzo ayi. Podula valani magalasi ndipo musadzipukute thukuta ndi dzanja. Mu labotale utomoniwu umadzutsa kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kamakhudzidwa ndi khansa ya Burkitt yomwe ija, ndipo ngakhale nkhaniyo ikufufuzidwabe, ndi chifukwa chokwanira choletsera ana kuuseweretsa ngati guluu.

Mwina sitiyenera kudabwa. Mzinda uno unakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung ya m'ma 1940, mtengo umene mafuta a njere zake amapangira penti ndi vanishi, koma njerezo munthu sangadye. Lantana naye anabwera ngati duwa la mpanda, lero watseka tchire ndipo amawononga chiwindi cha ng'ombe. Ameneyo asalowe mu nazale yanu ngakhale wogula atamufuna.

Cha pamsewu sichilowa m'kapu

Chomera chimodzimodzi chikhoza kukhala mankhwala kuseri kwa nyumba koma choipa pa raundabauti. M'mbali mwa M1 masamba amasonkhanitsa utsi wa dizilo ndi fumbi la matayala ndi mabuleki. Petulo wokhala ndi mtovu analetsedwa m'chigawo chino cha Africa pofika 2006, koma mtovu suwola, ukadali m'dothi la m'mbali mwa misewu yakale. Onjezani madzi a m'ngalande, mkodzo, ndi mankhwala opopera amene simukudziwa kuti anathira liti. Za pamsewu ndi pamalo a anthu onse ntchito yake ndi mthunzi, kugwira fumbi, kudyetsa njuchi ndi kupereka zodula za nazale, mutapempha kwa eni malo kapena a khonsolo. Zolowa m'kamwa kapena zopaka pabala zikhale ndi bedi lawo kuseri, kutali ndi msewu ndi chimbudzi, losapoperedwa, ndipo madzi a sopo athiridwe pansi, osakhudza masamba.

Mukafika pogulitsa zopakira, malamulo alipo. Tiyi wa m'paketi ndi chakudya, ndipo amene amaona za muyezo wake ndi a Malawi Bureau of Standards. Mukangolemba pa paketi kuti amachiza shuga kapena bipi, mwachisandutsa mankhwala, ndipo nkhani yapita kwa a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limene limayang'aniranso kutsatsa kwa mankhwala azitsamba. Wongoyamba kumene alembe dzina la chomera, kulemera kwake, tsiku lopakira ndi kumene angapezeke.

Katundu wambiri wa kuno amabwezedwa chifukwa cha chinyezi. Lemonigirasi ndi rozimere ziume pamthunzi, popeza dzuwa limachotsa fungo ndi mtundu, ndipo tsamba louma bwino limathyoka, silipindika. Musanatseke mapaketi onse, tsekani imodzi yoonekera m'kati muiike padzuwa theka la ola. Mukaona thukuta m'kati mwa pulasitiki, bwezerani zonse pathandala masiku ena awiri, ndipo mupakire masana kukutentha, osati m'mawa wa chifunga.